Kaisha ya Magalimoto Atatu

A Pascoal Nzunga anabadwira ku Ntengo-Wambalame, kumene mwana amadziwa kukumba mbatatesi asanadziwe kuwerenga. Ali mnyamata analembedwa ntchito pa munda wa Mpwitikizi wina ku Tsangano, koma m'malo mopalira ankangozungulirazungulira thirakitala, mpaka mwini munda anatopa nawo n'kuwaponyera sipanala kuti aone ngati angachite nayo kanthu. Kuyambira tsiku limenelo manja awo sanayerenso.

Ufulu utabwera, Mpwitikizi uja anabwerera kwawo, minda inakhala ya boma, ndipo a Pascoal anatsala mu ofisina, mokonzera magalimoto ndi mathirakitala. Anthu ankawatcha a Mesitere, kutanthauza mmisiri wamkulu. Anali aafupi, a mapewa otambalala, osakonda zolankhulalankhula. Galimoto ikabwera yodwala sankathamangira kumasula. Ankauza woyendetsa kuti alize injini, iwo n'kutsinzina, khutu lili pa chitsulo.

Mkazi anakamupeza ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga, atapita ndi lole kukatenga chimanga. Dzina lake anali Delfina. Amayi ake sanafune kuti mkamwini atenge mwana wawo kupita naye kutali, koma mlongo wake wamkulu, a Julião, mlimi wa fodya amene kuseka kwake kunkamveka kutsidya kwa dambo, anawaikira kumbuyo a Pascoal.

"Musiyeni apite, amayi. Munthu wa manja otere sagonetsa mkazi ndi njala."

Anabereka mwana mmodzi wamkazi, Mónica.

Nkhondo itafika ku Tsangano mu 1984, ofisina inatenthedwa ndi mathirakitala ake omwe. A Pascoal anafukula m'phulusa masipanala, nyundo ndi tupa ziwiri, n'kusamukira ku Furancungo kuti Delfina akhale pafupi ndi kwawo. Kumeneko ankakonza njinga, mijigo, ndi chigayo chimodzi chimene chinali chikadali moyo. Magalimoto anali atasiya kubwera, chifukwa msewu wa ku Tete unadzaza mabomba okwirira, aja anthu ankati mina.

Tsiku lina anaitanidwa ndi a Rosália, namwino wamkulu wa pachipatala, mayi wamtali wochokera ku Tete amene boma linamutumiza kumeneko n'kumuiwala. Anawatengera kuseri, kumene kunali Land Rover ya chipatala itakhala pa miyala, nkhuku zikuikira mazira pampando.

"Mesitere, imeneyi yafa ndithu?"

A Pascoal anaizungulira, n'kulowa pansi, n'kutuluka akupukuta manja. "Injini ili moyo. Chafa ndi kaisha."

Kaisha ndi ija kutsidya ku Malawi amati giyabokosi. Ya galimoto imeneyi chibokosi chake chakunja chinali chathunthu, koma m'kati magiya anali atathothoka mano.

"Ndalemba makalata kanayi, palibe yankho," anatero a Rosália. "Sabata yatha mayi wina wafera pa machira akumunyamula kuchokera ku Chidzolomondo. Petulo ndili naye, madiramu atatu, ndinakwirira. Ndipezereni kaisha."

"Dona Rosália, kaisha ndikaitola kuti? M'tchire?"

"M'tchiremo ndimo muli magalimoto masiku ano."

Ananena zoona. M'mbali mwa msewu munali magalimoto ambiri akufa, ena otenthedwa, ena ogubuduzika. Koma kupitako kunali kuika moyo pachiswe. A Pascoal anatumiza mawu kwa alamu awo, ndipo a Julião anabwera ndi ngolo ya ng'ombe ziwiri.

"Alamu, mudzandiphetsa chifukwa cha zitsulo," anatero akuseka.

"Ngati mukuopa bwererani."

"Mayi wafera pa machira uja ndi msuweni wa akazi anga. Tiyeni."

Sankayenda mumsewu. Ankadutsa m'minda yosiyidwa, ng'ombe patsogolo, iwo akuponda momwe zapondamo. Galimoto yoyamba imene anapeza inali Land Rover yopserera, matayala atatsala mawaya okha. Anatha tsiku lathunthu akumasula kaisha. Atatsegula, magiya anali athunthu, mano onse alipo, ndipo a Julião anaomba m'manja. Koma a Pascoal anatenga tupa n'kupala dzino limodzi, ndipo tupa inadya chitsulocho ngati chinangwa chouma.

"Moto wafewetsa. Giya ikakhala yamoyo tupa imangotererapo. Iyi singafike ngakhale pamsika."

"Ndiye tavutikiranji tsiku lonseli?"

"Tapezapo mabawuti."

Paulendo wachitatu alenje anawauza za galimoto ina imene inagwera mumtsinje pamene mlatho unaphulitsidwa. Anaipeza itagona chagada pamchenga, yosapsa. M'kati munali mafupa a woyendetsa, nsapato zikadali kumapazi. A Julião anavula chipewa. Anakumba dzenje pamtunda ndi khasu la pangolo, n'kumuika munthuyo, a Julião n'kunena pemphero la Atate Athu. Sanadziwe dzina lake. Atatero, a Pascoal anakwera pamimba pa galimoto n'kumasula kaisha. Tupa inaterera pa dzino lililonse.

Koma Land Rover ya mumtsinje inali yakale kuposa ya chipatala ndi zaka zoposa khumi, ndipo za m'kati sizinkagwirizana zonse. Shafuti, mtanda wachitsulo umene magiya amakhalapo, inali yotalikirapo. Marolamento, mphete za timipira tachitsulo zimene shafuti imazunguliramo, anali atachita dzimbiri ndi madzi. Ena anakawachotsa pa kalole ka wamalonda kamene kanaponda mina, koma nawo anali okulirapo pang'ono, ngati kuchindikala kwa chikhadabo. Makina odulira chitsulo panalibe. Panali tupa, mwala wonolera mipeni, ndi masiku.

A Pascoal anayala mphasa pakhonde la chipatala n'kundandalikapo zitsulo motsatana, atazitsuka ndi parafini. Tsiku lililonse ankapala, kuyesa, kumasula, kupalanso. Ankapaka mwaye pa mano a giya n'kuzunguliza ndi dzanja kuti aone pamene akukhudzana ndi pamene akulumphana. Timphete tamkuwa anatidula ku chikhokho cha chipolopolo chachikulu chimene anatola m'munda. Zotsekera kuti oyilo asadonthe anazidula ku katoni ya mankhwala ndi ku lilime la nsapato yawo. Anatseka kaisha kasanu ndi kawiri, ndipo kasanu ndi kamodzi anaimasulanso. Odwala oyembekeza jakisoni ankakhala chowazungulira akuonerera, ena akunong'onezana kuti a Mesitere mutu wayamba kuzungulira.

Delfina anatopa nazo.

"Abambo a Mónica, kodi mwakwatira chitsulocho? Mvula yayandikira, kumudzi sitinasose n'komwe."

"Pitani mukayambe. Ikangoyenda ndidzakupezani pa galimoto, mpaka pakhomo pa apongozi."

Delfina anatenga mwana n'kupita kukalima kwa amayi ake.

Patatha miyezi itatu, Land Rover inatsika pa miyala n'kuyenda. Koma inali ndi makhalidwe akeake. Pirimera ndi segunda, giya yoyamba ndi yachiwiri, zinkafuna kuponda kilatchi kawiri, n'kumvetsera injini usanalowetse. Teresera, giya yachitatu, inkalowa bwino koma inkatuluka yokha ngati sunatsamize ndodo ya magiya ndi bondo. Ndipo inkalira. Magiya a magalimoto osiyana aja sankalumana bwinobwino, choncho ikangolowa teresera inkatulutsa kamawu koonda, kakatali, ngati likhweru la munthu woitana ng'ombe patali. A Pascoal anachita nako manyazi n'kufuna kumasulanso, koma a Rosália anakana.

"Ilire, bola iyende."

Inayenda miyezi isanu, a Pascoal ali pachiwongolero chifukwa palibe wina anaitha. Inanyamula Clara, mtsikana amene mwana anapingasa m'mimba, ndipo onse awiri anakhala moyo. Inanyamula mphunzitsi wina amene mina inamudula phazi. Inapititsa katemera ndi mchere kumidzi imene inali itatha zaka ziwiri osaona namwino. Masiku amenewo anthu akamva kulira kwa galimoto ankasiya mphika pamoto n'kuthawira kuphiri. Koma likhweru lija analizolowera. Likamveka, amayi ankabereka ana, kutenga makadi a sikelo, n'kutulukira kumsewu. Ku Chidzolomondo ngakhale apongozi aja anayamba kuwasungira a Pascoal mtedza m'lichero. Pamoyo wawo wonse sanayambe alemekezedwapo chotero.

Mu 1986, nthawi yokolola, anthu a mfuti analowa mu Furancungo m'mawa dzuwa litangotuluka. Anthu a kumeneko sakonda kutchula kuti anali a mbali iti; amangoti a mfuti, chifukwa mbuzi zimene zinkadyedwa ndi mbali zonse zinali za anthu omwewo. A Rosália anathawa ndi odwala amene ankatha kuyenda. A Pascoal anabisala m'chigayo. A mfuti aja anatenga mankhwala ndi mabulangete, anafukula petulo amene anatsala, ndipo mmodzi wa iwo anakwera Land Rover. Inakukuta mano, inadumpha, inazima. Wachiwiri anayesa, zomwezo. Mkulu wawo, amene ankamutcha komandante, anafunsa kuti amayendetsa ndani. Munthu wina amene a Pascoal anamukonzera njinga kwaulere analoza kuchigayo.

"Ndiwe mesitere?" anafunsa komandante. Anali wamng'ono kwa a Pascoal ndi zaka zambiri.

"Ndine."

"Galimoto yako ikukana anthu anga. Unaiika mankhwala?"

"Si mankhwala, bwana, ndi kaisha. Imafuna woizolowera."

"Woizolowera ndiwe. Kwera."

Kwa masabata atatu anawanyamulira malata, matumba a nyemba ndi makina osokera kupita nazo kumsasa wawo kumapiri. Pampando wa pambali pankakhala munthu wa mfuti nthawi zonse, ngakhale popita kuthengo ankawaperekeza. Ndiye m'mawa wina komandante anakwera yekha kutsogolo, anyamata ake asanu ndi atatu kumbuyo, n'kunena mawu amodzi.

"Chidzolomondo."

"Msewu umenewo uli ndi mina, bwana."

"Unkapitako sabata iliyonse. Mina ukuzidziwa pamene zili. Yendetsa."

A Pascoal anadziwa chimene likhweru lija likachite. Choncho atayandikira midzi anasiya galimoto mu segunda, injini ikubangula ngati ya galimoto ina iliyonse, kuti anthu amve athawe. Komandante anawayang'ana, n'kuika mfuti yake yaing'ono pa ntchafu.

"Ukuyesa sindidziwa galimoto? Teresera."

Analowetsa teresera, n'kutsamiza ndi bondo. Kaisha inayamba kulira.

Atakhota pa mtengo wa mkuyu wa pamudzi wa akazi awo, anaona amayi atandandalika kale m'mbali mwa msewu, ana kumbuyo, makadi m'manja. Panali patatha mwezi galimoto isanabwere, ndipo ena ankalulutira. A Julião anatulukira cha kuphiri akuthamanga, akukupiza chipewa, akufuula kuti, "Alamu! Tinkayesa mwafa!"

Zimene zinatsatira sizinatenge nthawi yaitali. A mfuti anadumpha. Nkhokwe zinagwetsedwa, chimanga n'kuthiridwa m'matumba, nyumba n'kuyatsidwa. Amuna awiri amene anayesa kuthawa anawomberedwa m'munda wa fodya. Ena asanu ndi anayi anamangidwa chingwe chimodzi m'chiuno, ndipo wachitatu pa chingwecho anali a Julião. A Pascoal anakhala pachiwongolero, injini ikulira, mfuti ili m'nthiti. Anaona Delfina atanyamula Mónica akulowa m'mapesi. Delfina anacheuka kamodzi, ndipo maso awo anakumana. Kenako apongozi awo anabwera pang'onopang'ono mpaka pa windo, utsi uli kumbuyo kwawo.

"Akamwini, ndinu?"

Mayiwo anaima pamenepo mpaka wa mfuti wina anawakankha.

Pobwerera galimoto inadzaza matumba mpaka pamwamba, omangidwa aja akutsatira pansi. Dzuwa lili paliwombo anaima pamtsinje kuti athire madzi mu injini. A Pascoal anati akufuna kuona kaisha, n'kulowa pansi ndi sipanala. Pansi pa kaisha pali bawuti yotulutsira oyilo. Anaimasula mpaka inatsala pang'ono kugwa. Mumtima ankati galimoto ikafa, anthuwa sadzakhalanso ndi chonamizira midzi ina, katunduyu adzamusiya, ndipo mwina m'chipwirikiticho omangidwa aja adzapeza mpata.

Anayenda mtunda ndithu. Pachitunda chachitali likhweru lija linasanduka kukuwa, fungo la chitsulo chopsa linadzaza m'galimoto, ndipo anamva m'dzanja lawo, kudzera pa ndodo ya magiya, mano amene anapala miyezi itatu akuthyoka limodzilimodzi. Galimoto inagwedezeka n'kuima.

Komandante anatsika, anasuzumira pansi, n'kuona bowo lopanda bawuti ndi mzere wa oyilo wotsika ndi msewu. Sanakalipe. Anauza anyamata awiri kuti agwire dzanja lamanja la a Pascoal n'kuliika pa chitsulo cha kutsogolo kwa galimoto, ndipo analiphwanya ndi thako la mfuti, chala chimodzichimodzi. Kenako anawamenya mpaka anasiya kugwedezeka.

Koma katundu sanamusiye. Anatsitsa matumba onse n'kuwasenzetsa anthu asanu ndi anayi aja. A Julião, poti anali amphamvu, anawapatsa thumba la chimanga ndi batire la galimoto pamwamba. A Pascoal ali gone m'fumbi, diso limodzi likuona, anaona mapazi a alamu awo akudutsa pafupi ndi nkhope yawo.

"Alamu," anatero a Julião ndi mawu otsika, khosi likunjenjemera ndi katundu, "bwenzi mutangoisiya iyende."

Mwa anthu asanu ndi anayi aja, awiri okha ndi amene anadzaonekanso. A Julião sanali mmodzi wa iwo. Amene anabwerawo anati anagwa tsiku lachitatu, ndipo wogwa sankamudikira.

A Pascoal anatoledwa ndi amayi ena othawa, amene anamanga dzanja lija ndi timitengo ndi luzi. Anayenda nawo masiku khumi ndi awiri mpaka kulowa m'Malawi, cha ku Dedza. Anatha miyezi iwiri akufunsa m'misasa ya othawa nkhondo asanapeze a kwa akazi awo. Anawapeza masana, Delfina akupeta nandolo wa chithandizo pakhomo pa kanyumba ka udzu. Mónica ataona bambo ake anadzuka, koma agogo ake anamugwira mkono.

A Pascoal anakhala pansi chapatali monga amachitira mkamwini, n'kufotokoza zonse: za chigayo, za mfuti m'nthiti, za segunda, za bawuti. Anaonetsa dzanja. Palibe anawadula mawu. Atamaliza, Delfina anaika lichero pansi.

"Abambo a Mónica, ine ndinamva likhweru lija ndili kudimba. Ndinathamanga kukauza achimwene kuti alamu anu abwera. Anali atabisala kale m'phiri kuyambira m'mawa. Ndinakawatsitsa ndine."

Sanalire. Anatolanso lichero n'kupitiriza kupeta.

Apongozi anati nkhaniyi aikamba ndi eni mbumba. Yankho linabwera patapita masiku atatu: mwana ndi wa kuchikazi, akhala ndi amayi ake, a Pascoal akapeze pokhala pena.

Chaka chotsatira a Rosália, amene anali atayamba kuthandiza pa chipatala cha pamsasa wina, anamva nkhaniyi n'kuyenda ulendo wa tsiku lathunthu kudzawalankhulira. Anauza banja lija kuti amene anapempha kaisha ndi iwo, kuti a Mesitere sanalandirepo kanthu, kuti Clara ndi mwana wake ali moyo chifukwa cha galimoto yomweyo, kuti munthu ali ndi mfuti m'nthiti sasankha njira.

Mkazi wa malemu a Julião, amene anatsala ndi ana asanu, ndi amene anayankha.

"Anamwino, zonsezo tikuzidziwa. Palibe akunena kuti anafuna. Koma mukufuna ana awa azidya mbale imodzi ndi munthu amene anamuona pachiwongolero tsiku lija? Ife tikawaona, timaona utsi."

A Rosália ananyamuka kubwerera. Podutsa pa kanyumba ka a Pascoal anaima, koma a Pascoal sanatuluke. Sanawalankhulenso anamwinowo mpaka kalekale, ngakhale ankadziwa kuti sanalakwe.

Anakhala pamsasapo zaka zisanu ndi chimodzi. Dzanja linapola chopindika, zala zitatu zosagwira. Amalawi a magalimoto atamva kuti pali mesitere wa ku Mozambique ankabwera kudzawafunsa nzeru, koma iwo ankati awasokoneza ndi munthu wina. Ankasoka matumba ndi kusenza madzi a anthu. Delfina anakwatiwa ndi katekisita wina wa ku Macanga komweko, ndipo a Pascoal anamva nyimbo za ukwatiwo ali pa mzere wolandira ufa.

Nkhondo itatha anabwerera ku Ntengo-Wambalame, kwa mlongo wawo Amália, amene anawapatsa kanyumba m'mphepete mwa dimba la kabichi kuti aziingitsa mbuzi. Anthu a kumeneko nkhani ya ku Chidzolomondo ankaidziwa mwapatalipatali, ndipo sankaifunsa.

Tsiku lina masana kunabwera mtsikana wamtali, atavala yunifomu ya sukulu, pepala lili m'manja. Anaodira pakhomo n'kugwada chapatali. A Pascoal anamuzindikira ndi mphumi, inali ya amayi ake.

"Ndabwera ndi pepala la ku eskola," anatero Mónica. "Akufuna dzina la bambo wondibereka ndi nambala ya bilyeti, ndiponso musayine apa."

A Pascoal analowa m'nyumba n'kutenga bilyetiyo, chitupa chawo cha boma. Mtsikanayo anakopera nambala mosamala. A Pascoal anasayina ndi dzanja lamanzere, zilembo zikupendama. Amália anali atayamba kale kuthamangitsa nkhuku yoti aphere mlendo.

"Ugona konkuno, mwananga? Azakhali ako akukonza chakudya."

"Iyayi, lole imene ndabwera nayo ikubwerera pompano." Anapinda pepala n'kuliika m'buku, n'kuimirira. "Zikomo kwambiri, a Pascoal. Tsalani bwino."

Anamuperekeza mpaka pa mpanda wa dimba. Kupitirira apo sakanatha, chifukwa mbuzi zinali zitalowa kale m'kabichi.